Exildah ndi Matebulo a Malemu Tenson

Exildah Mpande anabadwira ku Kavalamanja, ndipo a kumeneko mukawafunsa za ubwana wake amayamba ndi mimba za nsomba. Ana anzake akapatsidwa mcheni kuti atumbule, ankaponyera agalu matumbo n'kuthamangira kosewera. Iye ankakhala pansi n'kung'amba chifu ndi chala kuti aone chimene nsombayo inadya. Ankapezamo tinsomba totchedwa timapende, mbedza za eni ake, ndipo tsiku lina anapezamo chule wathunthu. Amayi ake ankadandaula kuti mwana wotere akadzakwatiwa adzang'amba ndi mtsamiro wa apongozi kuti aone za m'kati.

Sukulu analekera Giredi 9, ngakhale mutu unalipo. Panali mlongo wake wamwamuna woti apitirize, monga zimakhalira, ndipo mlongoyo lero ali ku Lusaka, sadziwa ngakhale pamene pali manda a bambo ake.

Anakwatiwa ndi Luciano, msodzi wa ku Feira amene abale ake ambiri anali tsidya lija la mtsinje, ku Zumbo. Luciano anali ndi bwato la mtondo, lalitali, lopendekera pang'ono kumanzere, moti wopalasa wachilendo ankazungulira nalo pamodzimodzi anthu n'kumamuseka. Mwamuna ankagwira nsomba, mkazi ankayanika ndi kugulitsa, ana awiri anabadwa. Kenako malungo anamutenga Luciano m'nyengo ya mvula, njira ya ku chipatala ili matope okhaokha.

Maliro atatha, abale anachita mwambo wathu. Anayala mphasa pabwalo n'kutulutsa katundu yense wa malemu: malaya, nsapato, wailesi, mpeni, maukonde, ngakhale lamba woduka. Pa mwambo umenewu m'nyumba simutsala kanthu, chifukwa chotsala m'kati ndicho chimadzabala milandu. Chilichonse chimatchulidwa dzina pamaso pa onse, n'kupatsidwa mwini watsopano. Exildah anaona zonsezo maso ali otupa, koma anaona. Bwato lokha silinabwere pa mphasa, pakuti linali ku madzi ndipo mtondo saunyamula pa phewa. Mkulu wake wa malemu, Américo, anati za bwato adzakambirana akabweranso. Anaoloka, ndipo zaka zinapita asanabwerenso. Bwato linakhalabe la Luciano m'kamwa mwa anthu. Exildah ankalimata phula, ankalipereka kwa asodzi awiri a ganyu, ndipo ana ankadya za m'bwatomo.

Pa dooko la ku Feira pali Bungwe la Asodzi la Tigwirizane. Lamulo lake lalikulu n'lakuti bwato losalembedwa ku bungwe silikankhidwa pa dookolo. Boma likatseka usodzi mu Disembala, mabwato amakwezedwa kumtunda, ndipo pa tsiku loyamba la Malichi amatsika okhawo amene ali m'kaundula. Kaundulayo ankamusunga mu laputopu a Tenson Zulu, amene anagwirapo ntchito ku positi ofesi asanapume.

Laputopuyo inabwera ndi pulojekiti ina mwa mapulojekiti amene amafika kuno ndi masikipa ndi zikwangwani, n'kuchoka chikwangwani chisanachite ndi dzimbiri lomwe. Anaphunzitsa anthu asanu kwa mlungu umodzi. Anayi anatsala ndi masikipa, a Tenson anatsala ndi nzeru. Ankawerenga okha, ankayesa, ankalakwitsa, mpaka makinawo anayamba kuwamvera. Maso atayamba kuwavuta anafuna wowathandiza kulemba, ndipo anasankha Exildah, chifukwa ndiye yekha pa dooko lonse amene anawafunsapo kuti kodi zimene amalembazo zimapita kuti akatseka chivundikiro.

Anamuuza kuti zimapita mu detabesi, nkhokwe ya m'kati mwa kompyuta, ndipo m'nkhokwemo zinthu zimaikidwa m'matebulo, kutanthauza mizere ndi madanga ngati tsamba la kaundula. Pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito inali ndi zitseko zinayi, chilichonse cholowera ku tebulo lake: asodzi, mabwato, ziphaso, ndi nsomba zogwidwa.

"Bwato silidziwa dzina la mwini wake," anatero a Tenson. "Limadziwa nambala yake yokha. Nambalayo ndiyo chingwe. Ukaikoka ikufikitsa ku tebulo la asodzi, ndipo kumeneko ndiko kuli dzina."

Exildah anazindikira chinthu chimodzi. Msodzi akamwalira, a Tenson ankati, "Ameneyo ndisiyire ine." M'mawa mwake dzina silinkaonekanso pa asodzi, koma bwato linkatsala pa mabwato ndi nambala yake yomweyo. Anafufuza la Luciano n'kupeza chimodzimodzi: bwato lilipo, nambala ilipo, munthu palibe.

"Kodi mumawaika kuti, bambo?"

"Akupumula," anayankha a Tenson, n'kupempha madzi akumwa.

Anafuna kudzafunsanso, koma a Tenson anadwala mu Novembala ndipo Khirisimasi sanaione. Pa maliro, wapampando wa bungwe, a Bornface Sakala, analankhula nthawi yaitali za ulendo wawo wa ku msonkhano ku Kabwe, ndipo dzina la womwalira analitchula kawiri kokha. Alipo amene anawerenga, ndipo sanaiwale.

Chakumapeto kwa Febuluwale kunafika galimoto ya pulojekiti yatsopano. Munatsika Karen Mwale, mtsikana wodziwa za makompyuta, wotopa ndi msewu, ali ndi madooko ena angapo oti awafike mlungu womwewo. Ntchito yake inali yosamutsa kaundula wa bungwe kupita mu pulogalamu yatsopano ya pa intaneti, kenako kufafaniza zonse za mu laputopu yakale kuti iyambe moyo wina. Dalaivala anachenjezeratu kuti dzuwa likapendeka iye akunyamuka, chifukwa njovu za pa msewu wobwerera ku tauni sizidziwa za mapulojekiti.

Mu ofesi ya malata munali kutentha kwa ku Feira, kuja kumene ngakhale abuluzi amayenda moganizira. Karen anadina batani lotulutsa zonse pa pulogalamu ya a Tenson, matebulo anayi aja anatuluka, anawalowetsa mu yatsopano. Asodzi analowa bwino. Pofika pa mabwato, mizere ina inafiira.

"Ba Chair, pali kavuto," anatero kwa wapampando. "Mabwato awa akuloza eni amene kulibe. Nambala ilipo, koma pa asodzi palibe munthu wa nambala imeneyo. Pulogalamu yatsopano sivomera bwato lopanda mwini."

"Ndiye zolakwitsa za mdala uja zimenezo," anatero a Bornface, akudzikupiza ndi kalendala. "Maso anali atapita. Chotsani, ba Karen, tisachedwetse motoka."

Exildah anaima kumbuyo kwa mpando akuyang'ana mizere yofiirayo. Wachitatu kuchokera pamwamba unali wa bwato la mtondo lopendekera kumanzere. Enawo anawadziwanso: la amake Lusungu, la a Edina a ku Mphuka, onse akazi amasiye ngati iye. Mzerewo ukachotsedwa, pa tsiku loyamba la Malichi bwato lake likhala kumtunda likuuma, anzake akuoloka. Kulembetsa mwatsopano kumafuna msonkhano wa komiti, ndipo komiti ya a Bornface inali isanakumane kuyambira pamene mbuzi ya msonkhano womaliza inadyedwa.

"Mabwato amenewo alipo," anatero. "Ali panja apo. Limodzi ndi langa."

"Ndikukhulupirirani, amai," anayankha Karen mofatsa. "Koma mwini wake ndani? Ine ndikufuna munthu woti ndimangirepo bwatolo."

"Mwini wake anamwalira."

"Ndiye anafafanizidwa."

"A Tenson sankafafaniza munthu."

A Bornface anaseka. "Nanga anamuika m'thumba?"

Exildah anayang'ananso pa laputopu. Maganizo ake anali pa chifu cha mcheni. Nsomba ukaiyang'ana kunja umaona mamba ndi mano, koma chimene inameza umachiona ukang'amba. Anafunsa Karen ngati zitseko zinayi zija ndizo nyumba yonse, kapena ngati m'kati mungakhale zipinda zina zimene pulogalamu siionetsa.

Karen anasiya kutaipa. "Zitha kukhalamo. Pulogalamu imaonetsa matebulo amene inauzidwa kuti iziwaonetsa, ndipo batani lija latulutsa omwewo. Madooko ena onse ndapeza anayi okha, ndiye sindinaganize zoyang'ana."

"Pali njira yoifunsira kuti itchule onse amene ili nawo?"

"Ilipo. Mawu awiri chabe."

Apa a Bornface anaimirira, nkhope itasintha. Kuchotsa mizere sikunawaopse, koma kutsegula zipinda zimene munthu wakufa anatseka yekha ndi nkhani ina. Anati iwo sangakhale mboni ya zimenezo popanda wachibale wa malemu, chifukwa zikadzavuta adzati wapampando ndiye anafukula. Karen anayang'ana Exildah poganiza kuti mwina wapampando akuchita nthabwala, koma Exildah anali atagwedeza kale mutu kuvomereza. Pa mfundo imeneyi yokha, m'moyo wawo wonse wa upampando, a Bornface ananena zoona. Katundu wa a Tenson anatulutsidwa pa mphasa mu Januwale, koma za mu laputopu palibe anaziganizira.

Mlongo wawo wa a Tenson, mayi Emeldah, ankagulitsa masau ouma pansi pa mlambe wa pa msika. Anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, anakana mpando, anati za womwalira sazionera pa mpando. Exildah anayala mphasa ya ofesi pansi, Karen anatsitsa laputopu n'kukhala nayenso pansi, thalauza lake la m'tauni likutola fumbi.

"Iwe Bonifesi, khala pansi, ukutchinga mphepo," anatero mayi Emeldah. "Ndinakusambitsapo iwe uli ndi zipere."

Wapampando anakhala.

Karen anatsegula zenera lakuda lopanda zithunzi, analemba zolowera, kenako anakankhira laputopu kwa Exildah. "Funso ndi lanu, lembani ndinu." Anamutchulira chilembo chimodzichimodzi, ndipo Exildah analemba ndi chala chimodzi: SHOW TABLES, n'kudina.

Mayina anatsika m'munsi mwa mzere, oyera pa chakuda. Anayi aja analipo, koma sanali okha.

"Tchula mokweza, mwanawe," anatero mayi Emeldah. "Ine Chizungu cha m'makina sindichiona."

Sichinali Chizungu. A Tenson matebulo awoawo ankawatcha m'chinenero chathu. Exildah anatchula limodzilimodzi monga amatchulira malaya ndi nsapato pa mphasa, ndipo lililonse Karen ankamuonetsa mawu olitsegulira kuti aone za m'kati.

Loyamba linali madzi. Munali masiku ndi pamene mtsinje unafika pa mwala wa pa dooko, chaka ndi chaka. Mayi Emeldah anati n'chifukwa chake mlongo wawoyo ankapita ku mwala m'mawa uliwonse ngati ali ndi chibwenzi kumeneko. Lachiwiri linali mvuu, malo onse amene mvuu zinagubuduzapo bwato, ndi mwezi wake. Karen anawerama kwambiri pa limeneli, anati anthu a ku ofesi kwawo akhala akufunsa zinthu zotere m'misonkhano. Panali yesero, yesero2 ndi yesero_lenileni, momwe munalibe kanthu koma mawu akuti moni ndi dzina la galu wawo.

"Ndi Tenson ameneyo," anatero mlongo wawo. "Ngakhale khasu ankayamba waliyesa pa bwalo."

Kenako Exildah anawerenga dzina lina n'kuima pakati. Linali mimba_za_nsomba. Atalitsegula anapeza tsiku, mtundu wa nsomba, ndi chimene chinapezeka m'chifu. Mcheni, timapende titatu. Vundu, nkhanu ndi chivundikiro cha botolo. Kudanga lomaliza, la amene anaona, mzere uliwonse unali ndi dzina limodzi: Exildah. Zimene ankawauza pocheza m'mawa, akusesa mu ofesi, poganiza kuti mdalayo akungomvera mwaulemu, iwo ankazilemba zonse.

Panja dalaivala analiza hutala.

"Alize," anatero mayi Emeldah. "Latsala liti?"

Lotsala linali ogona. Exildah analitsegula yekha, osadikira Karen. Munali asodzi onse a bungwe amene anamwalira kuyambira pamene laputopu inafika, aliyense ndi nambala yake yakale ndi mudzi wake. Luciano anali pamenepo. Karen anayerekeza nambala za mizere yofiira ija ndi za m'tebuloli, ndipo zonse zinagwirizana, palibe inatsala.

"Sanafafanize," anatero Karen, akumwetulira ngati munthu amene wapeza njira yachidule m'mudzi wachilendo. "Anangowasamutsira chipinda china, chingwe n'kuchisiya chili chomangidwa. Koma chifukwa chiyani sanangolemba mabwatowo m'mayina a akazi awo?"

"Akanalemba bwanji a Tenson?" anayankha mayi Emeldah. "Iwo ndi wachibale? Bwato ndi la womwalira mpaka abale atalipereka. Tenson akanalemba dzina lina, akanakhala wagawa chuma cha eni ake."

Karen anaganiza, kenako ananena zoona zake mosabisa. Tebulo la ogona atha kulisunga, ndipo alisunga pamodzi ndi ena onse, koma pulogalamu yatsopano ikufuna mwini wamoyo, wokhala ndi nambala ya foni. Womwalira siingamulandire, ndipo iye alibe mphamvu yosintha zimenezo. Amene anaipanga ali kutali, ndipo sanafunse munthu wa ku Feira aliyense kuti bwato limakhala la yani mwini wake akagona. Safunsa amenewo. Amafunsa akamaliza, pa tsiku lojambulitsa zithunzi.

Motero chingwe chinapezeka, koma bwato la Exildah linali likadali kumtunda.

Mayi Emeldah anagogoda ndodo pansi. "Chimene chatuluka pa mphasa sichibwerera m'nyumba chopanda mwini. Lero bwato latuluka. Mlamu wako ali ndi foni?"

Exildah anali nayo nambala ya Américo, koma kwa zaka zonsezo sanaimbepo za bwato. Ankaopa kuti akakumbutsa, munthuyo aoloka n'kudzalitenga, ndipo mwambo ukanamuvomereza. Kukhala chete kunkamudyetsa ana. Tsopano kukhala chete kukanaumitsa bwato pa mchenga. Anaimba, n'kuika foni pa mphasa kuti onse amve. Ku Zumbo netiweki ya kuno imafika munthu akaima pafupi ndi mtsinje, ndipo mwamwayi Américo anali komweko.

Anapatsana moni wautali, wa ana, wa mvula, wa matenda. Kenako Exildah ananena.

"Alamu, ndaimbira za bwato la abale anu."

"Bwato liti?"

"La mtondo."

"Lija lokhota? Likadalipo? Ine ndinkayesa linawola kalekale!"

"Lilipo, alamu. Ku bungwe akufuna dzina la munthu wamoyo. Paja munati tidzakambirana."

Kunamveka mphepo ndi mawu a anthu akukweza katundu. Exildah anagwira m'mphepete mwa mphasa.

"Ndinaterodi," anatero Américo. "Manyazi ndi anga, mlamu. Walimata phula ndani zaka zonsezi?"

"Ine."

"Nanga mukufunsa chiyani? Ine bwato lozungulira ngati galu wofuna pogona ndilitani? Pali akulu pamenepo?"

"Ndilipo ine Emeldah Zulu, ndi Bonifesi wa zipere."

"Ndiye mwamva, amai. Ndapereka. Lembani dzina la amake ana. Takhuta," anamaliza ndi mawu othokozera a tsidya lija.

Karen anatsegula pulogalamu yatsopano, Exildah analemba dzina lake ndi nambala yake pa mzere wachitatu, ndipo kufiira kunachoka. Mizere ina inatsala yofiira. Karen anaiyang'ana, anayang'ana dzuwa, anatuluka kukalankhula ndi dalaivala, ndipo galimoto inagona ku Feira. Masiku otsalawo Exildah anakwera njinga kupita ku Mphuka ndi ku midzi ina kukauza akazi anzake kuti aitane abale a amuna awo. Ambiri anapereka. Banja limodzi linakana, linabwera kudzatenga bwato, ndipo a Edina mpaka lero sapereka moni kwa Exildah. Akunena kuti chikhala kuti sanang'ambe mimba ya kompyuta, bwato likanakhala lawo mwakachetechete. Akulakwa, pakuti mzere wawo ukanachotsedwa tsiku lomwelo, koma munthu wolandidwa bwato sauzidwa zimenezo.

Mu lipoti la bungwe la chaka chimenecho munalembedwa kuti kusamutsa kaundula kunayenda bwino motsogozedwa ndi wapampando.

Laputopu yakale sinafafanizidwe. Mayi Emeldah anagawa za m'kati mwake monga mwa mwambo: madzi ndi mvuu anapatsa Karen kuti apite nazo kumene zingathandize, ogona anati akhale ku bungwe, ndipo mimba za nsomba anapatsa mwini dzina.

Pa tsiku loyamba la Malichi bwato la mtondo linatsika ndi anzake, likupendekera kumanzere monga mwa masiku onse. Litabwerako, Exildah anasankha mcheni wamkulu, anakhala pa mwala wa a Tenson n'kung'amba chifu ndi chala. Munali kapende kamodzi ndi chinthu chobiriwira chimene sanachidziwe. Anachitembenuza, anachinunkhiza, anachitsuka m'madzi n'kuchiyang'ananso. Kenako anasamba m'manja, anakwera ku ofesi, anatsegula zenera lakuda lija, ndipo pa danga la chopezeka m'chifu analemba kuti sichikudziwika, adzafunsa.